Nyerere zanga zikuyandama bwino, koma nsomba ikungoziyang'ana n'kubwerera

Kamtsinje
Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Kwatentha, madzi aphwera, ndipo tizilombo ta m'madzi tija nsomba ya trout imadya m'mawa sitikuonekanso dzuwa likakwera. Ndiye ndatembenukira ku nyerere zoyandama, nyambo zopanga zimene timamanga pa mbedza kuti zifanane ndi nyerere. Vuto langa lili pawiri. Ndikamanga ya ubweya imagwira ndithu, koma ikangolowa m'kamwa mwa nsomba basi yanyowa, yayamba kumira, ndipo kuti iumenso ndi ntchito. Ndikamanga ya foam imayandama tsiku lonse ngati chitsekerero cha botolo, koma nsomba imachita kukwera kuchokera pansi, kufika mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza, kenako n'kutembenuka. Zimawawa kuziona ndi maso. Ndikumanga pa mbedza ya nambala 12, foam wakuda wa 2mm, ulusi wa 6/0, miyendo ya labala, tippet (kachingwe kowonda ka kumapeto komangirirapo mbedza) ya 4X. Kodi ilipo njira yomangira nyerere yoti iziyandama nthawi yaitali koma nsomba osaikayikira?

Mbedza16
12 yakula achimwene. Tsikani pa 16, paja nambala ikamakwera mbedza imachepa. Ikakananso, 18.

Kamtsinje
Pa 16 yakuda sindiiona n'komwe ikatera, makamaka pamthunzi. Ndingawedze bwanji chinthu chimene sindikuchiona?

GogoWaVaisi
A Kamtsinje, za kuona tibwererako. Musanasinthe china chilichonse, tulukani panja mukatole nyerere imodzi, muiponye m'tambula yagalasi yodzaza madzi, munyamule m'mwamba muiyang'ane chapansi. Kumeneko n'kumene nsomba imaonera.

Mudzapeza kuti nyerere siima pamwamba pa madzi ayi. Imamatirira, thupi litalowa pang'ono, miyendo ili tambalale, ndipo paliponse pamene mwendo wakhudza pamachita kadzenje konyezimira. Ilibe mphamvu yodzikoka, imangophiriphitha pomwepo. Mudzaonanso mimba yonenepa kumbuyo, mutu wocheperapo kutsogolo, ndipo pakati kachiuno kowonda zedi. Nsomba ikuyang'ana kumwamba kowala, ndiye chimene chimaifikira ndi chithunzithunzi chakuda chokhala ndi timibulu tiwiri ndi mpata pakati. Mpata umenewo ndiye nyerere. Mukauchotsa mwamanga kachikumbu kapena kachitsotso chabe.

Ndaona nyerere zambiri za foam zimene anthu amamanga pakati n'kuzunguliza ulusi katatu basi, kenako n'kudzazapo nthenga ndi miyendo ya labala mpaka chiuno chonse kutsekeka. Ine chiuno ndimachisiya chotalika, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msana wa mbedza, cha ulusi wokhawokha. Nthenga ya tambala ndimazunguliza kawiri, osapitirira, ndipo pansi pake ndimameta ndi sizasi kuti mimba ikhale pamadzi penipeni. Ndiye funso langa kwa inu: mukaika nyerere yanu padzuwa n'kuyang'ana chapansi, chiuno chikuoneka?

Kamtsinje
Ndayang'ana agogo. Kuwala kukungodutsa pang'ono, miyendo ya labala yadzaza pakati ponse.

Mbedza16
Miyendo ya labala pa nyerere yaing'ono ndi katundu chabe. Chotsani.

Patapata
Apo ndikutsutsani a Mbedza16. Labala alipo wamitundumitundu. Uja wonenepa inde ndi wa ziwala. Koma alipo wowonda kwambiri amene amanjenjemera yekha madzi akamayenda, ndipo pa 14 amachita zodabwitsa pamadzi othamanga. Chachikulu n'kudula mwachidule, mwendo usatalike kuposa thupi, ndiponso kumanga kutsogolo kwa chiuno osati pakati pake. Nyerere yeniyeni miyendo yake isanu ndi umodzi imachokera pachifuwa, kutsogolo kwa chiuno. Inu mukamanga pamenepo mpata uja umatsala woyera.

Mbedza16
Pamadzi othamanga nsomba ilibe nthawi yoyang'anitsitsa. Iwowa akunena za nsomba imene ikuchita kufika n'kununkhiza. Amenewo ndi madzi odekha.

Patapata
Chabwino, pamenepo ndavomera. Padziwe lodekha nthenga imaposa labala.

MaiUlusi
Ndiikepo mmene ndimamangira ya foam pa 16, mwina zithandiza. Mbedza ikhale ya waya wopepuka, ya dry fly (nyambo zoyandama). Ndimayamba ndayala ulusi pamsana wonse wa mbedza, chifukwa foam pachitsulo chosalala amazungulira ndipo nyerere imatera chagada. Ndimadula kachidutswa ka foam kotalika, m'lifupi mwake mosapitirira mpata wa pakati pa nsonga ya mbedza ndi msana wake. Ichi n'chofunika kwambiri. Foam akanenepa amatseka mpata umenewo, nsomba imaluma koma mbedza siilowa, inu n'kumati mwachedwa kukoka.

Ndimadontheza kadontho ka superglue kakang'ono pa ulusi, n'kuika foam pamwamba. Kuzunguliza koyamba ndi kwachiwiri kukhale kofewa, kenako muzilimbitsa pang'onopang'ono mukupita kutsogolo mpaka foam wa pakati ataphwanyika kukhala chiuno. Mukakoka mwamphamvu poyamba pomwe, ulusi umadula foam. Ulusi umene umatha kuphwatalala, monga wa 70 denier, ndi wabwino kuposa wopotana. Musiyeni bobbin (kachida kogwirira ulusi) azungulire yekha kuti ulusi umasuke musanayambe kumanga.

Kumbuyo ndimasiya kotalikirapo, kutsogolo kofupika, ndipo ngodya zonse ndimazimeta kuti zikhale zobulungira. Nyerere ilibe makona. Pomaliza nthenga yakuda kawiri, mfundo, basi. Pa 18 ndi 20 ndimasintha n'kutenga foam wa 1mm, kapena ndimang'amba wa 2mm pakati ndi lumo latsopano.

Wongoyamba
Pepani mayi, ine ndine mlendo pa zimenezi. Foam amene mukunenayu ndi siponji yomwe ija ya m'mipando?

MaiUlusi
Ayi, imeneyo musayese. Siponji ya m'mipando timabowo take n'tolumikizana, imamwa madzi n'kumira. Tikufuna foam amene timabowo take n'totsekeka, mpweya uli m'kati sutuluka. Kuyesa kwake n'kosavuta: dulani kachidutswa, kafinyeni m'madzi, mukasiye. Kakabwerera pamwamba kali kopepuka ndi komweko. Kakalemera, tayani.

Patapata
Patapata wakutha ndi foam wotero. Mutsukeni, mudule ndi lumo timizere towonda. Ndi wolimbirapo kuposa wa m'mapepala uja, ndiye mano a nsomba samuthetsa msanga. Kuipa kwake n'kwakuti safinyika bwino pachiuno, choncho ndimayamba ndasema pakatipo ndisanamange.

Nthengayabakha
Nonse mwathamangira foam, koma a Kamtsinje anena okha kuti ya ubweya ndi imene ikugwira. Bwanji osakonza imene ikugwirayo? Nyerere ya ubweya imakhala m'madzi momwe yeniyeni imakhalira, imatera mofewa, ndipo nsomba ikaluma siilavula msanga. Vuto la kumira lili ndi mankhwala ake.

Poyamba ubweya wake. Wa kalulu umamwa madzi, ndi wabwino pa nyambo zomira. Pa yoyandama tengani wopanga, wosalala kwambiri, makamaka wa polypropylene. Polypropylene ndi wopepuka kuposa madzi, kulemera kwake ndi pafupifupi 0.9 poyerekeza ndi madzi, ndipo samwa. Muzipota pang'ono kwambiri pa ulusi, molimba, n'kumanga mbulu mosanjikiza. Ubweya wochuluka wopota mofooka umasunga madzi pakati.

Kenako zochita nsomba ikagwidwa. Chimene chimamiza nyerere si madzi okha, ndi thelezi la m'kamwa mwa nsomba. Itsukeni m'madzi mukuitikita ndi zala, muifinye m'kansalu kouma, muigwedeze m'kabotolo ka ufa woumitsa, kenako muponye m'malere kangapo. Mukapaka mafuta oyandamitsa pamwamba pa thelezi mwangomata zonse pamodzi. Ine mafutawo ndimapaka usiku ndikangomaliza kumanga, kuti alowerere n'kuuma, osati pamtsinje.

Ndipo mukafuna kuti ikhalitse pamwamba, ikani kanthenga kamodzi ka CDC pamsana. Ndi nthenga zija zimamera mozungulira pamene bakha amatulutsira mafuta ake, chakumchira. Timanthambi take timagwira mpweya. Koma CDC musaipake mafuta olimba aja, imamatana n'kutha ntchito. Ufa wokha.

Mbedza16
Zonsezo n'zoona, koma nthawi imene mukutsuka ndi kuumitsa, wa foam waponya kale kasanu.

Nthengayabakha
Kuponya kasanu kwa nsomba imene yakana kale n'kuithamangitsa. Bola ndiime ndiumitse, nayo ipume iiwale.

GogoWaVaisi
Mkangano uwu ndi wakale kuposa foam yemwe. Amene anatsegula anthu maso pa tizilombo ta kumtunda ndi Vince Marinaro ndi mnzake Charles Fox, pa kamtsinje ka Letort pafupi ndi Carlisle ku Pennsylvania. Madzi ake ndi oyera, oyenda pang'onopang'ono, nsomba zake zochenjera. Buku la Marinaro linatuluka mu 1950, ndipo mfundo yake inali yomweyi, kuti tizilombo timeneti timagona pamadzi, sitiima pa miyendo, ndipo nsomba imatizindikira ndi chithunzithunzi.

Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1960, Ed Sutryn wa m'tauni ya McMurray ku Pennsylvania komweko anatulukira nyerere imene mpaka lero imatchedwa McMurray Ant. Anatenga timitengo tiwiri ta balsa, n'kutitunga pa kachingwe ka nayiloni mosiya mpata pakati, n'kutipaka utoto. Pa mbedza amangomanga kanayiloni ka pakatiko, n'kuzungulizapo nthenga. Taganizani: chiuno chake ndi nayiloni yokha, chowonda kuposa chimene ubweya kapena foam angakupatseni, ndipo balsa samira. Munthu ameneyu anayankha funso la a Kamtsinje kalekale. Chovuta ndi ntchito yake, kusema, kutunga, kupaka, kudikira kuti ziume. Masiku ano mutha kuchita chimodzimodzi ndi timibulu tiwiri ta foam: tenthetsani nsonga ya nayiloni ichite kamutu, tungani ndi singano, dontho la guluu, mwamaliza.

Wongoyamba
Nanga ija amati Chernobyl Ant? Ndinaiona pa YouTube, ndi yaikulu koopsa.

Patapata
Dzina lokha ndi la nyerere. Inachokera kwa owedza a pa Green River ku Utah cha m'ma 1990, foam wosanjikiza ndi miyendo yaitali ya labala, pa mbedza zazikulu monga 6, 8 kapena 10. Nsomba imaitenga poyesa chiwala kapena nkhululu yagwera m'madzi. Pamtsinje waukulu wothamanga imagwira ntchito, ndipo imatha kunyamula nyambo ina yomira pansi pake. Koma kwa nsomba imene ikutola nyerere mwakachetechete pansi pa nthambi, mukaponya imeneyo dziwe lonse lithawa.

Chisisira
Ine ndinamva kuti nsomba imakonda nyerere chifukwa cha kuwawasa kwa asidi amene ili naye m'thupi. Ngati zili choncho, mwina ikufika pafupi, n'kupeza fungo palibe, n'kubwerera.

MaiUlusi
Asidiyo alipodi, formic acid, koma si nyerere zonse zili naye, zina zimaluma ndi mbola. Ndipo nyerere ya ubweya ya a Kamtsinje ilibenso asidi, koma ikudyedwa. Kusiyana kwa ziwirizi kuli pa maonekedwe ndi kakhalidwe pamadzi. Trout ikamadya pamwamba imadalira maso.

Chisisira
Komabe pali chinachake. Ndaonapo nsomba ikusiya tizilombo tikuluikulu tikuyandama pambali pake n'kusankha nyerere.

GogoWaVaisi
Zimenezo nanenso ndaziona. Maganizo anga ndi akuti nyerere siithawa. Kachilombo ka m'madzi kakauma mapiko kamauluka, chiwala chimapalasa kupita kumtunda, koma nyerere ikagwa yagwa. Nsomba m'nyengo yotentha siifuna kutaya mphamvu pachabe. Ndipo nyerere zimagwa tsiku lililonse kuchokera m'nthambi ndi m'maudzu a m'mphepete, makamaka masana kukachita kamphepo, ndiye nsomba inazizolowera. Ichi n'chifukwa chake nyerere imagwira ngakhale pamene simukuona yeniyeni ngakhale imodzi pamadzi.

Dziwelakuya
Ndikhotetse nkhani pang'ono, mundikhululukire, koma sindingakhale chete. Tikukamba za kuwedza masana m'nyengo yotentha madzi ataphwera. Ndani mwa ife amayenda ndi thermometer? Madzi akatentha mpweya umachepamo, ndipo trout ndi nsomba ya madzi ozizira. Akafika pa 20°C nsomba imakhala ili kale pamavuto. Mukaikoka, kuijambula, n'kuibweza, imaoneka ngati yapita bwino, koma zina zimakafera pansi inu mutachoka. Ine akafika pamenepo ndimapinda ndodo. Nyerere yabwino chotani siiyenera kugwiritsidwa ntchito pa nsomba imene ikuvutika kupuma. Wedzani m'mamawa, kapena kwerani kumtunda kumene kuli mthunzi ndi akasupe.

Mbedza16
Apa palibe wotsutsa. Ndiwonjezere: finyani barb, kamnga ka kunsonga kwa mbedza kaja, musanayambe kumanga, mbedza ikadali pa vaisi, kachitsulo kopanira mbedza pomanga. Ikathyoka mwataya mbedza yokha, osati nyerere yomaliza.

Wongoyamba
Popanda kamnga kameneko nsomba siipulumuka?

Dziwelakuya
Chingwe chikakhala chokoka nthawi yonse siipulumuka kawirikawiri. Ndipo phindu lake n'lalikulu. Nyerere nsomba imaimeza mosakayika, nthawi zina mpaka kukhosi. Mbedza yopanda barb imatuluka ndi kukankha kamodzi nsomba ili m'madzi momwemo. Nyowetsani manja musanaigwire, ndipo musaigoneke pamwala wotentha. Nyerere yanunso imakhalitsa, chifukwa chimene chimang'amba foam kwambiri ndi kapani kochotsera mbedza, osati mano.

Kamtsinje
Thermometer ndili nayo, ndipo kumene ndimapita madzi sanafikebe pamenepo, koma chenjezo ndalimva. Tibwerere ku nkhani ya maso ija agogo analonjeza. Ndikatsika pa 16 kapena 18, yakuda, yogona m'madzi, pamthunzi, ndiiona bwanji?

GogoWaVaisi
Njira zilipo, ndipo zonse zimadalira chinthu chimodzi: chimene inu mukuona chikhale pamwamba, chimene nsomba ikuona chikhale pansi. Ikani kadontho ka ulusi wonenepa wa poly (polypropylene uja), woyera kapena wa olenji, pamwamba pa chifuwa, kafupi. Kapena mangani mwa parachute: kamtengo ka poly koima, nthenga n'kuzungulira kamtengoko mopingasa. Parachute ndimaikonda pa nyerere chifukwa nthenga imayala m'mbali momwe miyendo imayalira, thupi limalowa m'madzi lokha, simufunikanso kumeta pansi. Kungoti kamtengoko kaimikeni pafupi ndi mutu kuti chiuno chisabisike.

Mtundu wa kadonthoko muzisintha malinga ndi kuwala. Pamthunzi woyera amaoneka bwino. Pamene pali thovu loyera lambiri, olenji kapena pinki. Madzi akamanyezimira dzuwa likupendeka, chakuda ndi chimene chimaoneka, moti nthawi imeneyo nyerere yopanda kadontho ndi imene mungaione bwino.

Ndipo phunzirani kudziwa pamene nyambo yanu ili ngakhale musakuiona. Yang'anani kumene tippet yathera, tsatirani liwiro la thovu la pafupi, ndipo pakachita kabwinobwino ka nsomba m'dera limenelo, kwezani ndodo.

Nthengayabakha
Olenji ine ndimamuopa. Padziwe loyera ndaona nsomba ikubwerera chifukwa cha iye.

MaiUlusi
Akakula inde. Nsomba imaona za kunja kwa madzi kudzera pa kabwalo kozungulira pamwamba pake, kotambasuka pafupifupi madigiri 97. Chinthu choima motalika chimalowa m'kabwaloko msanga, thupi lisanafike. Ndiye kamtengo katalitali ka olenji kamayamba kuoneka ndi iko. Dulani kafupike, kasapitirire kunenepa kwa thupi m'lifupi, ndipo kabisika kuseri kwa nyerere. Ndimanyamula kasizasi kuti nsomba ikakana ndimete pomwepo ndisanaganize zosintha nyambo.

Mbedza16
Palibe amene wakhudza 4X ija. Pa 16 ndi chingwe chonenepa. Gawani nambala ya mbedza ndi 3: 16 ikupatsani 5X, 18 ikupatsani 6X. 4X ndi pafupifupi 0.18mm, 5X 0.15mm, 6X 0.13mm.

Chisisira
Kusiyana kwa 0.03mm nsomba ingakuone?

Mbedza16
Si kuona. Chingwe chonenepa n'cholimba, chimakoka kanyambo kopepuka kuti kayende mosiyana ndi madzi. Inu muli patali simuona, nsomba ili pafupi imaona. Nyerere yeniyeni siidula madzi chopingasa.

GogoWaVaisi
A Mbedza16 anena mwachidule chinthu chachikulu. Nthawi zambiri timaimba mlandu nyambo pamene wolakwa ndi kukokeka. Ndipo foam woyandama pamwamba kwambiri amatsetsereka mosavuta kuposa ubweya umene wamira pang'ono n'kugwira madzi. Mwina n'chifukwa china chimene ya ubweya ikugwirira kwa a Kamtsinje. Talikitsani tippet, ifike mita imodzi kapena kuposerapo, kuti igwe mokhotakhota. Ikhale ya nayiloni, chifukwa fluorocarbon ndi yolemera, imamira n'kukokera kanyerere pansi. Ngati n'kotheka imani pamalo pamene pakati pa inu ndi nsomba pali mkondo umodzi wokha wa madzi.

Patapata
Koma musawondetse mopitirira. Foam wamkulu pa 6X amazungulira m'malere n'kupota chingwe chonse. Komanso m'madzi ofunda chingwe chowonda chimatalikitsa nkhondo, nsomba n'kutopa kwambiri. A Dziwelakuya andivomereza.

Dziwelakuya
Ndikuvomerezani ndi manja awiri. 5X ikakwana, musatsike.

Wongoyamba
Funso lina. Mvula ikagwa kenako n'kutentha, ngumbi zimatuluka zambiri. Nyerere yamapiko imene anthu amamanga ndi imeneyo?

Nthengayabakha
Ndi tizilombo tiwiri tosiyana, ndipo pa vaisi kusiyanako n'kofunika. Ngumbi ndi chiswe. Thupi lake lilibe chiuno, mapiko ake anayi ndi ofanana kutalika ndipo amapitirira thupi kwambiri. Nyerere yamapiko ili ndi chiuno chija, mapiko a kutsogolo ndi aatali kuposa a kumbuyo, ndipo tinyanga take n'topindika. Zonse zimatuluka kukakwerana, kawirikawiri tsiku lofunda, lachinyezi, lopanda mphepo yambiri, mvula itangodutsa, ndipo zonse nsomba imazidya. Koma ngumbi mumange thupi limodzi lalitali lofiirira ndi mapiko aatali, nyerere mumange timibulu tiwiri.

Tsiku limene nyerere zamapiko zagwera pamadzi simudzaliiwala. Mtsinje umene mumayesa mulibe kanthu umadzaza timabwalo paliponse. Koma ndi tsiku lovutanso, chifukwa chakudya chachuluka ndipo nsomba imasankha msinkhu umodzi. Zazikazi ndi zazikulu, zazimuna ndi zazing'ono kwambiri. Munthu amaona zazikuluzo n'kumanga 14, pamene nsomba ikutola tating'ono ta 20. Weramani, tolani zimene zili pamadzi, muyerekeze ndi za m'bokosi. Mapiko ndimamanga ndi CDC yotuwa kapena poly woyera pang'ono chabe, ogona chakumbuyo motambasuka, osati oimirira. Pamadzi mapiko a nyerere amamatirira pansi.

MaiUlusi
Ndipo musamange zakuda zokha. Zofiirira ngati sinamoni zimafunika, makamaka zamapiko, komanso ya mimba yofiira mutu wakuda. Foam wofiirira akasowa, tengani wotuwa mumupake ndi cholembera chosafufutika. Kuchokera koyera kupita kwakuda n'kotheka pamtsinje pomwepo, kubwerera n'kosatheka.

Chisisira
Nanga bwanji tikulimbana ndi kuyandama? Nyerere zambiri zimamira zikadutsa pamathithi. Ine ya ubweya ikanyowa ndimangoisiya, ndipo imagwirabe.

GogoWaVaisi
Imagwiradi. Ena amamanga dala yomira: timibulu tiwiri ta ulusi wokhawokha, topaka polishi wa zikhadabo kapena UV resin mpaka kunyezimira, nthenga yofewa kamodzi pakati. Imeneyo mumaimangirira kumbuyo kwa yoyandama ndi kachingwe kotalika ngati theka la mita, yoyandamayo n'kukhala chizindikiro chanu. Kunsi kwa madzi othamanga imapha. Koma a Kamtsinje afunsa za yoyandama, ndipo ndikuwamvetsa. Kuona mphuno ya nsomba ikutuluka pang'onopang'ono pansi pa nthambi n'kutseka pakamwa pa chinthu chimene wamanga wekha, ambiri a ife n'chimene chinatikokera ku vaisi.

Kamtsinje
Ndabwerako. Ndinamanga mitundu iwiri pa 16: ya foam monga ananenera Mai Ulusi, chiuno chachitali, nthenga yometa pansi, ndi ya parachute ya ubweya wa poly. Tippet 5X yaitali. Kukana kuja kwachepa kwambiri, ndipo ya foam tsopano ikudyedwa padziwe lomwe lija. Koma kwabuka china. Nsomba ikuluma, ndikukoka, mbedza ikutuluka yopanda kanthu. Mpata wa mbedza ndauyang'ana, foam sanautseke.

Mbedza16
Mukufulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani mutu ubwerere pansi.

Nthengayabakha
Eya. Nsomba ikamadya nyerere siithamanga, imayamwa mofatsa chifukwa ikudziwa kuti chakudyacho sichithawa. Inu mwaiona ikubwera kuchokera patali, mtima uli m'mwamba, dzanja limanyamuka pakamwa pasanatsekeke. Ikakhala yaikulu m'pamene imachedwa kwambiri. Kwezani ndodo mofewa, musakoke mwankhanza. Ndipo mukaima kumtunda kwa nsomba n'kuponya chotsika, dikirani koposa, chifukwa chingwe chikukokera kunja kwa kamwa.

MaiUlusi
Onaninso superglue. Akachuluka amalowa mu foam n'kumuumitsa gwa, nsomba ikaluma imamva cholimba n'kulavula nthawi yomweyo. Kadontho kake kakhale kotengera pansonga ya singano, pa ulusi pokha. Finyani mimba ya nyerere yanu ndi zala, izibwerera. Ngati mbedza zanu ndi zopapatiza, yesani zija za msana waufupi ndi mpata waukulu: thupi la 18 pa mpata wa 16.

Patapata
Pa mbedza zazifupizo chiuno chimakwana pati mayi? Ndinayesa, timibulu timayandikana.

MaiUlusi
Mimba isakhale pa mbedza. Mangani foam pothera msana, mbulu wa kumbuyo ulendewere kunja kupitirira popindika, wa kutsogolo upitirire pang'ono pamwamba pa kabowo. Msana wonse wa mbedza ukhala chiuno. Kungoti musiye malo oti tippet ilowe pa kabowo, kwezani mutuwo ndi kuzunguliza ulusi kangapo pansi pake.

Wongoyamba
Mimba yolendewera choncho siitchinga nsonga nsomba ikamaluma?

MaiUlusi
Ili pamwamba, nsonga ili pansi, ndipo foam wofewa amapindika. Ikatalika kuposa msana wa mbedza m'pamene nsomba zazing'ono zimayamba kugwira foam yekha n'kusiya chitsulo. Pa 18 ndimasiya mamilimita atatu kumbuyo, awiri kutsogolo.

Mbedza16
Ine awiri ndi theka kumbuyo. Atatu pa 18 wayamba kuoneka ngati mfumukazi.

Nthengayabakha
Ikaoneka choncho muiike mapiko a CDC, isungeni pambali m'bokosi kudikira tsiku la chinyezi. A Patapata, foam wa patapata uja amatheka kumusema mpaka kufika pa 18, kapena amathera pa 14?

Patapata
Pa 16 amatheka ndi lumo latsopano. Pa 18 amanyenyeka pachiuno, ndimabwerera kwa wa 1mm.